N'chifukwa chiyani malinga ankawazunguliza ndi madzi?

[Chithunzi: nsanja yaikulu ya linga la Rochester, kamera ikuzungulira pang'onopang'ono]

Moni nonse, mwalandiridwa. Tayang'anani nsanja iyi bwinobwino. Ili mumzinda wa Rochester ku England, m'mbali mwa mtsinje wa Medway. Ngodya zake zitatu ndi zowongoka, koma yachinayi ndi yobulungira. Yobulungirayo anachita kuimanganso, chifukwa yoyambayo inagwa mu 1215, ndipo zimene zinaigwetsa ndi makasu, mitengo ndi mafuta a nkhumba.

Chaka chimenecho Mfumu John inali pankhondo ndi akuluakulu a dziko amene anaiukira. Ena a iwo anadzitsekera m'linga la Rochester. Makoma a nsanjayi ndi ochindikala mamita opitirira 3, ndipo makina oponya miyala anaimenya kwa masabata angapo osaigumula. Kenaka mfumu inaitanitsa anthu okumba. Iwo anayamba kufukula pansi pa ngodya imodzi, n'kumachotsa miyala ya maziko umodziumodzi. Paliponse pamene achotsa mwala ankaikapo mzati wamtengo kuti khoma lisawagwere. Pa 25 Novembala mfumu inalembera nduna yake Hubert de Burgh kuti atumize msanga nkhumba 40 zonona kwambiri. Mafuta ake anali oti akolezere moto pa mizati ija. Mizati itapsa, ngodya yonse inatsika n'kugwa. Amene anali mkati anathawira mbali ina ya nsanjayo, koma njala inawatulutsa pa 30 Novembala.

Lero tikukamba za ngalande zikuluzikulu zodzaza madzi zimene ankakumba kuzungulira malinga, ndipo tayambira ku Rochester chifukwa kumeneko n'kumene kukuoneka bwino chinthu chimene eni malinga ankaopa koposa. Khoma lamiyala ndi lolimba pamwamba ndi pakati, koma pofooka pake ndi pa tsinde. Mdani akafika pa tsinde la khoma n'kupeza mpata wogwirapo ntchito masiku angapo, khomalo latha. Ntchito yaikulu ya ngalande inali yoti mdani asafike pamenepo.

[Chojambula: khoma, ngalande, ndi njira yokumbidwa pansi pa nthaka]

Ambiri timaganiza kuti madziwo anali oti asilikali ovala zitsulo amire. Zoona, munthu wovala malaya achitsulo sangasambire bwino, koma ngalande zambiri sizinali zakuya kwenikweni. Zina zinkalekeza munthu m'khosi basi. Phindu lake lenileni linali pansi pa nthaka. Aliyense amene anayesapo kukumba chimbudzi kudambo nthawi ya dzinja akudziwa zimene zimachitika: usanapite patali madzi ayamba kutumphuka, makoma a dzenje akugumukira mkati. Tsono ganizirani munthu amene akukumba njira yopapatiza yodutsa pansi pa dziwe, ali chokwawa, nyali ili m'manja. Madzi akangoboola denga la njirayo, aliyense amene ali mkati wafa. N'chifukwa chake linga lokhala pakati pa madzi linkachotseratu njira yokumba pansi m'maganizo a mdani.

Zida zina zonse zozingira linga zinkafunanso nthaka youma ndi yosalala mpaka kukhoma. Makwerero amafuna poimika. Chimtengo chachikulu chogumulira chipata chimafuna anthu ambiri ochinyamula kapena mawilo ochikankhira. Nsanja yamatabwa, ija ankaikankha yodzaza asilikali kuti ifanane msinkhu ndi khoma, inali yolemera moti ngakhale matope ochepa ankaiimitsa. Kuti zonsezi zifike, mdani ankayenera kuyamba wakwirira ngalandeyo ndi mitolo ya nthambi, dothi ndi miyala, dengu limodzilimodzi, uku mivi ndi miyala zikuvumba kuchokera pamwamba. Ngalande youma ankatha kuikwirira m'masiku owerengeka. Yamadzi, makamaka yotambalala, inkameza zimene aponyamo, nthambi n'kumayandama.

Polowera pankakhala pamodzi kapena pawiri, pa mlatho wamatabwa wokokedwa ndi maunyolo. Akaukweza, linga lasanduka chilumba.

Komabe tisanamizane, ngalande zambiri zinali zouma. Madzi sakhala paphiri, ndipo malinga ambiri ankawamanga pamtunda. Ku Buhen, m'mbali mwa Nile, Aiguputo anamanga linga cha m'ma 1860 Yesu asanabadwe ndipo analizunguliza ndi ngalande youma yosemedwa m'thanthwe. Ku Benin City ku Nigeria kuli ngalande zakuya ndi mitumbira ya dothi zimene anthu a ufumu wa Benin anakumba kuzungulira mzinda wawo. Linga la Château Gaillard ku France, limene Mfumu Richard ya ku England inamanga pa phiri loyang'ana mtsinje wa Seine, linali ndi ngalande zouma zogobedwa m'mwala. Mu 1204 asilikali a Mfumu Philip ya ku France anatsikiramo, n'kufika pa tsinde la khoma, n'kukumba, ndipo linga linagwa m'manja mwawo.

[Chithunzi: nsalu ya Bayeux, anthu akukumba ndi mafosholo]

Dzina limene Angerezi amatchulira ngalande zimenezi lili ndi mbiri imene ikutiuza momwe ntchitoyi inkagwiridwira. Iwo amati moat. Dzinali linachokera ku Chifalansa chakale, motte, ndipo kumeneko linkatanthauza chulu kapena mtumbira wa dothi. Anthu a ku Normandy, kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066 ankafuna malinga ambiri mwamsanga. Ankalemba mzere wozungulira, n'kulamula anthu a m'deralo kuti akumbe motsatira mzerewo, dothi lonse n'kumaliponyera pakati. Pomaliza pakati pankakhala chulu chachikulu, pamwamba pake n'kumangapo nsanja yamatabwa, ndipo m'mbali monse munkatsala ngalande. Nsalu yotchuka ya Bayeux, yopetedwa zithunzi za nkhondo imeneyo, ikuonetsa anthu akugwira ntchito imeneyi ku Hastings. Chulu ndi ngalande zinkabadwa tsiku limodzi, ndi khasu limodzi, moti pofika m'zaka za m'ma 1300 dzina la chulu lija linali litasamukira pa dzenje. Afalansa eni ake masiku ano ngalandezi amazitchula kuti douves. Nsanja yobulungira ya ku Windsor mpaka lero yakhala pa chulu cha mtundu umenewu.

Kutali kwambiri ndi Ulaya anachitanso chimodzimodzi. Nyumba yachifumu ya ku Beijing, imene anamaliza kumanga mu 1420, yazunguliridwa ndi ngalande yotambalala mamita 52 ndi yakuya mamita 6. Dothi lochokera mmenemo analiunjika kumpoto kwa nyumbayo, ndipo ndilo phiri la Jingshan limene alendo amakwera lero kuti aone madenga onse.

Nanga madziwo ankawatenga kuti? Ena ankapatutsa mtsinje, ena ankadalira akasupe, ena ankatseka khwawa ndi damu. Pansi ndi m'mbali ankamata ndi dongo lopondedwa bwino kuti madzi asalowerere. Pankakhalanso zitseko zamatabwa zotsekera ndi kutsegulira madzi, chifukwa mvula ikachuluka damu likhoza kuphulika, ikachepa ngalande isanduka thope. Imeneyi inali ntchito ya akatswiri, ndipo inkadya ndalama chaka ndi chaka.

[Chithunzi: mabwinja ofiira a Kenilworth, kenaka chojambula chosonyeza nyanja imene inalipo]

Kuti muone madzi akugwira ntchito yake mokwanira, tiyeni ku Kenilworth, pakati pa England. Mfumu John yomwe ija, pakati pa 1210 ndi 1216, inakweza damu lotseka timitsinje tiwiri ta pamenepo, ndipo kumbali ya linga kunabadwa nyanja yopangidwa ndi anthu ya mahekitala pafupifupi 40. Mbali zotsalazo zinali ndi maiwe ndi ngalande. Patapita zaka 50, mwana wake Henry Wachitatu anadzapezeka ali kunja kwa linga lomwelo, akufuna kulowa, madzi a bambo ake atamutsekereza.

Nkhani yake inali motere. Simon de Montfort, amene anatsogolera oukira mfumu, anaphedwa pa nkhondo ya ku Evesham mu 1265. Omutsatira ake opitirira 1,000 anadzitsekera mu Kenilworth n'kukana kugonja. Mu Juni 1266 mfumu inabwera ndi gulu lalikulu lankhondo. Kukumba pansi kunali kosatheka. Makina oponya miyala anaimikidwa kumene kunali nthaka youma, koma a mkati analinso ndi makina awo ndipo ankabwezera. Nsanja zamatabwa zinayesedwa, osaphula kanthu. Mfumu inafika potumiza anthu ku Chester kukatenga mabwato, kuwanyamula pamtunda ulendo wonsewo, kuti asilikali awoloke nyanjayo. Zimenezonso zinalephereka. Nthumwi ya Papa, Ottobuono, inalengeza kuti onse a mkati achotsedwa mu mpingo, koma zipata sizinatseguke.

Miyezi inapita: Julayi, Ogasiti, Sepitembala. Kumapeto kwa Okutobala mfumu inavomera kuti oukirawo akhoza kuwombola minda yawo polipira chindapusa m'malo molandidwa kotheratu. Chigamulo chimenechi chimadziwika ndi dzina la Kenilworth lomwelo. Ngakhale zinali choncho, a mkati anapirirabe mpaka pakati pa Disembala, pamene chakudya chinatha ndipo matenda anawagwira. Anatuluka okha patatha pafupifupi miyezi 6. Khoma silinagwe, ndipo palibe mdani amene anawoloka madzi aja. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali phindu lenileni la ngalande: inkagula nthawi. Gulu lankhondo la masiku amenewo linali lovuta kulisunga pamalo amodzi, chifukwa asilikali ankafuna malipiro, akavalo ankafuna udzu, ndipo matenda a m'mimba ankayamba msanga m'misasa. Linga likapirira miyezi ingapo, kawirikawiri wozingayo ndi amene ankayamba kufuna zokambirana.

Pakati pa anthu amene anaona zonsezi ndi maso panali mnyamata wolemera kwambiri, Gilbert de Clare. Mu 1268 iye anayamba kumanga linga lake ku Caerphilly, kumwera kwa Wales, pofuna kutchinga Llywelyn ap Gruffudd, mtsogoleri wa anthu a ku Wales. Llywelyn anadzatentha malowo mu 1270 ntchito ili mkati, koma de Clare anayambiranso. Anatseka mtsinje waung'ono wa Nant y Gledyr ndi damu lalitali lokhala ndi nsanja zake ndi zipata zake, moti damulo palokha ndi linga. Ankadziwa kuti mdani wanzeru sadzalimbana ndi madzi, adzathamangira kukagumula chimene chikugwira madziwo. Malo onse a Caerphilly ndi mahekitala pafupifupi 12, ndipo mu Britain monse linga loposa limeneli kukula ndi la Windsor lokha.

[Chithunzi: makoma amiyala ndi ngalande za linga la Osaka]

Umboni wina wamphamvu ukuchokera ku Japan. Kumapeto kwa 1614 Tokugawa Ieyasu, amene ankalamulira dzikolo, anazinga linga la Osaka ndi asilikali opitirira 150,000. Mkati munali Toyotomi Hideyori, mwana wa wolamulira wakale. Lingalo linali ndi ngalande zingapo, ina mkati mwa inzake, ndipo Ieyasu sanathe kulowa ngakhale anali ndi mizinga. Atapangana za mtendere, imodzi mwa mfundo zake inali yoti ngalande zakunja zikwiriridwe. Anthu a Tokugawa anagwira ntchitoyo mofulumira kwambiri, n'kupitirira mpaka ngalande za mkati, kungosiya yozungulira pakatikati penipeni. Nkhondo itayambiranso mu 1615, asilikali a Hideyori analibenso pobisala ndipo anakamenyera kunja. Mu Juni chaka chomwecho linga linapsa, Hideyori ndi mayi ake Yodo-dono n'kufa. Makoma a pakatikati anali omwe aja a miyezi ingapo yapitayo. Chimene chinachotsedwa ndi ngalande, pamodzi ndi makoma ndi nsanja zakunja.

Funso limene ana amakonda kufunsa ndi la ng'ona. M'ngalande za ku Ulaya munalibe ng'ona, kuzizira kwake sizingakhalemo. Munkakhala nsomba, abakha ndi mbalame zina zam'madzi, ndipo nsombazo zinali zofunika chifukwa masiku osala nyama anali ambiri pa chaka. Zilombo zenizeni zimapezeka ku Český Krumlov m'dziko la Czech, kumene akhala akusunga zimbalangondo m'ngalande youma ya linga kuyambira mu 1707.

[Chithunzi: linga la Bodiam, likuonekeranso m'madzi]

Linga ili ndi limene limapezeka pa zithunzi zambiri. Ndi la Bodiam, kumwera cha kum'mawa kwa England. Analimanga Edward Dalyngrigge, msilikali amene analemera pa nkhondo za ku France, atalandira chilolezo kwa Mfumu Richard Wachiwiri mu 1385. Chifukwa chimene anapereka chinali chomveka: Afalansa anali atatentha tauni ya Rye mu 1377, ndipo mtsinje wa Rother ukudutsa pafupi. Ngalande yake imadzazidwa ndi akasupe, ndipo kuya kwake m'malo ambiri ndi mita imodzi ndi theka.

Akatswiri a mbiri akhala akutsutsana za Bodiam kwa zaka zambiri. Ena amati ndi linga lankhondo lenileni. Ena amaloza mawindo ake aakulu, makoma ake opyapyala poyerekeza ndi malinga akale, ndiponso mtumbira wa dothi umene wagwira madziwo mbali yakumunsi. Mtumbirawo ulibe nsanja youteteza ngati damu la Caerphilly, ndipo gulu la anthu a makasu likhoza kuudula madzi n'kutayika. Amalozanso njira imene mlendo ankayenda pofika: ankazungulira m'mphepete mwa maiwe, n'kuwoloka mlatho wautali wobwera cham'mbali, n'kukhota pa kachilumba, kenaka n'kuyang'anizana ndi chipata. Paulendo wonsewo nyumbayo inkaoneka yaitali kawiri chifukwa cha chithunzithunzi chake m'madzi. Kwa ine mbali zonse ziwiri zili ndi zoona. Dalyngrigge ankafuna kuti achifwamba ndi magulu ang'onoang'ono a adani asamulowere usiku, makamaka atakumbukira kuukira kwa alimi kwa mu 1381, komanso ankafuna kuti aliyense wobwera adziwe kuti mwini malo ano si munthu wamba.

Ndipo sanali yekha. Ku England kokha akatswiri apeza malo pafupifupi 6,000 amene anali ozunguliridwa ndi ngalande, ambiri okumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350. Ochuluka mwa amenewa sanali malinga ankhondo. Zinali nyumba za eni minda ndi za akuluakulu a mpingo. Ngalande inkatchinga akuba a ziweto, inkaumitsa bwalo m'malo a chinyontho, inkasunga nsomba ndi madzi ozimitsira moto, ndipo inkaonetsa ulemerero wa mwini wake.

Mizinga itafala m'zaka za m'ma 1500, makoma aataliatali anasiya kukhala ndi ntchito, koma ngalande sizinathe. Malinga atsopano anali aafupi, ochindikala, okhala ndi ngodya zosongoka ngati nyenyezi, ndipo madzi ankatsatira ngodyazo. Tauni ya Naarden ku Netherlands idakali choncho. Abale athu amene ali ku Cape Town akhoza kuona kamangidwe kameneka pa Castle of Good Hope, imene Adatchi anamanga pakati pa 1666 ndi 1679, ndipo mbali ina ya ngalande yake ili ndi madzi.

[Chithunzi: Tower of London, kapinga wozungulira makoma]

Pali mbali imodzi imene zithunzi zokongola sizionetsa, ndiyo fungo. Madzi osayenda ozungulira nyumba yokhala anthu ambiri amalandira chilichonse. Ku Bodiam zimbudzi 28 zinkatayira molunjika m'ngalande. Ku London zinthu zinafika poipa kwambiri. Mfumu Edward Woyamba, pakati pa 1275 ndi 1285, inakumbitsa ngalande yotambalala mamita pafupifupi 50 kuzungulira linga la Tower of London. Cholinga chinali choti madzi a mtsinje wa Thames, amene amakwera ndi kutsika tsiku lililonse motsatira nyanja, azilowa ndi kutuluka n'kumatsuka. Sizinayende monga ankafunira. Matope ankakhazikika, ndipo zonyansa za m'linga ndi za nyumba zoyandikana zinkathera momwemo kwa zaka mazanamazana.

Duke wa Wellington, yemwe uja anagonjetsa Napoleon ku Waterloo, anakhala woyang'anira Tower kuyambira mu 1826. Anayesa kuchotsa matopewo koma vuto silinathe. Mu 1841 matenda anabuka pakati pa asilikali okhala m'lingamo ndipo ena anamwalira. Apa akuluakulu anagamula kuti madzi achotsedwe. Ntchito yophwetsa ndi kuthiramo dothi inayamba mu 1843 n'kutha patapita zaka ziwiri. Asilikali amene anafa chifukwa cha madzi oipawo amandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa pa nthawiyo panalibe mdani aliyense amene ngalandeyo inkawatchinjirizako.

Kuchokera pamenepo malowo akhala akugwira ntchito zina. Mu Januwale 1928 Thames inasefukira n'kudzazanso ngalandeyo kwa kanthawi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu okhala mu Tower ankalimamo ndiwo zamasamba. Mu 2014 anadzalamo maluwa ofiira oumbidwa ndi dongo okwana 888,246, limodzi kuimira msilikali mmodzi wa Britain ndi maiko amene inkalamulira amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.